Mawu 500 Okha

Ndinalowa m'gulu la olemba nkhani zazifupi ndili ndi mtima woti ndikukaphunzitsa anthu kulemba. Kusekondale aphunzitsi ankawerenga chimangirizo changa kutsogolo kwa kalasi, mabuku a Pacesetters amene ankazungulira m'hositelo mwathu ndinawamaliza onse, Njala Bwana ya Willie Zingani ndi Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba ndinaziwerenga mpaka zikuto kuthothoka, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ndinkadziona ngati mlembi wakupsa kale amene akungosowa mpata. Choncho mnzanga wina wogulitsa zitsulo za galimoto pa Biwi Triangle atandiuza kuti pali gulu la pa WhatsApp limene limapikisana kulemba sabata ndi sabata, sindinafunse n'komwe kuti zimayenda bwanji. Ndinangoti andilowetse.

Kayendetsedwe kake ndi kosavuta. Lolemba m'mawa admin amaponya mutu. Aliyense amalemba nkhani yosapitirira mawu 500, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, n'kuitumiza isanakwane 6 koloko madzulo a Lachisanu. Loweruka timawerengerana ndi kuuzana pamene pakoma ndi pamene palakwika, Lamulungu madzulo timavota, ndipo wopambana amalandira mayunitsi a ndalama yochepa imene timasonkha, komanso ndiye amasankha mutu wa sabata yotsatira. Kamodzi pamwezi timakumana maso ndi maso kunyumba kwa mmodzi wa ife. Muli mayi wina telala wa ku Area 23, mphunzitsi wa pulayimale ku Chinsapo, namwino, mnyamata wa kabaza, ndi bambo wina mlonda ku Kanengo amene amakhala ku Mgona ndipo amalemba usiku ali pantchito. Malamulo onsewa anali atalembedwa bwinobwino pamwamba pa gulu. Ine sindinawatsegule, chifukwa ndinkaganiza kuti malamulo ndi a anthu ongoyamba kumene.

Mutu woyamba umene ndinaupeza unali "Mvula yoyamba". Palibe munthu wa mu Lilongwe amene sadziwa zimenezi: fumbi la Okutobala litakuta masamba a mango, kenako fungo la dothi lonyowa, ana akutuluka ndi mabeseni kukatola ngumbi pansi pa getsi, ngalande zotsekeka ndi majumbo zikulavula madzi mumsewu. Zonsezi zinali pakhomo panga ku Kawale. Koma ine ndinaona kuti ndi zazing'ono, ndiye ndinatenga munthu wanga n'kumupatsa dzina lachizungu, n'kumuika ku London kumene sindinapondeko, ine amene sindinawolokepo ngakhale chipata cha ku Mchinji, n'kumuveka chijasi, n'kumugwetsera chipale chofewa paphewa, n'kulemba masamba ndi masamba za mtima wake wosweka, kenako pakati pa usiku, Lachisanu litadutsa kale, n'kuyamba kuponya zigawozigawo pagulu anthu ali m'tulo, mafoni awo akungolira, ine n'kugona foni ili pachifuwa podikira kuti kukamacha ndipeza anthu akufunsana kuti mlendo ameneyu wachokera kuti.

Kutacha ndinapeza uthenga waulemu wochokera kwa admin: "Achimwene, takulandirani ndi manja awiri. Koma nkhani yanu yafika deadline itadutsa, ndipo kutalika kwake kukuposa nkhani zonse za sabata ino kuziphatikiza. Chonde werengani malamulo." Pansi pake bambo mlonda uja anafunsa funso limodzi lokha, mosanyoza konse: "Akulu, ndawerenga yonse. Kodi mvulayo ili pati?" Ndinabwerera kukayang'ana. Munalibe dontho la mvula ngakhale limodzi.

Sabata imeneyo anapambana ndi bambo mlonda omwewo. Nkhani yawo inali ya mlonda amene ali m'kanyumba ka pageti mvula ikuyamba, denga likudontha, iye akusuntha mpando uku ndi uku, wakulunga foni m'jumbo ya shuga, ndipo nthawi yonseyi akuwerengera pamtima kuti kumudzi ku Dowa anzake abzala mawa pamene iye mbewu sanagule. Munalibe mawu aakulu. Nditamaliza kuwerenga ndinakhala pamphasa nthawi yaitali, nkhope ikutentha, chifukwa ndinazindikira kuti munthu amene ndinabwera kudzamuphunzitsa wandionetsa chinthu chimene sindinkachidziwa kuti chilipo.

Komabe kudzikuza sikutha tsiku limodzi. Ndinadziuza kuti vuto langa ndi word count basi. Sabata yotsatira ndinalembanso chinkhani chachitali m'kope, n'kuwerenga mawu ndi chala, nditafika pa 500 n'kudula pomwepo, moti nkhani inatha mtsikana wanga akadali pa siteji kudikira minibasi, asanakumane ndi munthu amene nkhani yonse inali kunena za iye. Namwino uja anandifunsa ngati chigawo china chatsalira m'foni. Sichinatsalire. Ndinali ndisanamvetse kuti nkhani yaifupi imabadwa ili yaifupi, umayenera kudziwa pothera usanalembe mzere woyamba.

Kenako kunabwera mutu wakuti "Chinsinsi", ndipo apa ndi pamene manyazi anga anatuluka m'gulu n'kulowa m'mudzi. Ndinapeka nkhani ya mkulu wa mpingo amene ankazemberana ndi mayi wa kwaya. Nthawi ino mawu anali okwanira ndipo ndinali wokhutira. Koma Lachisanu lake ndinathera batire poonera mavidiyo masana onse ngakhale ndinkadziwa kuti magetsi kulibe, ndiye 5 koloko itadutsa ndinathamangira ku babashopu ya ku Kawale 2 kukatchajitsa, foni itangoyaka ndinapeza bandulo yatha, ndinathamangiranso kwa ejenti, ndikubwerera thukuta lili kamukamu ndinaona kuti foni yasintha mawu anga ambiri a Chichewa kukhala a Chingerezi osamveka chifukwa sindinazimitse autocorrect, ndinayamba kukonza ndi chala chonjenjemera wometa akundiyang'ana pagalasi, ndipo patatsala mphindi zochepa ndinadina kutumiza n'kupumira m'mwamba, osaona kuti gulu limene linali pamwamba silinali la olemba koma la kwaya ya kutchalitchi kwathu, mmene muli azakhali anga, akazi a abusa ndi akulu a mpingo amene.

Pamene ndinkazindikira n'kufufuta, anthu anali atawerenga kale, ena atajambula screenshot. Azakhali anaimba usiku womwewo. "Iwe mwana wa achimwene anga, ukunena ndani? Ngati waona kanthu bwanji osabwera kudzandiuza ine?" Ndinalumbira kuti ndi zopeka, koma munthu ukaponya nkhani yotere pagulu la kwaya popanda mawu ena alionse, ndani angakhulupirire? Sabata yonse amayi osalakwa ankayang'anidwa ndi diso lachilendo chifukwa cha ine. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinaimirira pamaso pa kwaya yonse n'kufotokoza kuti ndimaphunzira kulemba, kuti anthu a m'nkhanimo kulibe, kuti ndapepesa. Mawu ankandithawa pakhosi. Ku gulu la olemba nkhani ija sinafikeko n'komwe.

Anzanga a m'gulu, pofuna kundithandiza, anandilangiza kuti ndisiye kuthamangira kutali, ndilembe zimene ndikuzidziwa. Malangizowo anali abwino, koma ine ndinawamva ndi khutu limodzi. Mutu wa "Lendi" utabwera ndinati apa ndiye pakwathu. Alandilodi anga ndi mayi wamasiye amene madzulo ankakonda kukhala pakhonde akusenda nyemba, ndipo poti ndinkawathandiza kuwerenga mauthenga a pafoni, ankandiuza zakukhosi: mkangano wa puloti ndi abale a malemu amuna awo, ngongole ya katapira imene mwana wawo anatenga, usiku umene ankagona osadya kuti adzukulu adye. Ndinazitenga zonsezo, n'kusintha dzina lokha. Geti, mtengo wa mango, mpopi wokhoma ndi loko, zonse ndinazisiya mmene zilili. Kwa nthawi yoyamba anthu anayamikira nkhani yanga, mavoti anabwera, ndipo chifukwa cha chimwemwe ndinaitumiza kwa anzanga ena kunja kwa gulu, iwo n'kutumiziranso ena, mpaka inakafika kwa mpongozi wa mayiwo.

Alandilodi aja anabwera ndikukoleza mbaula. Sanakalipe. Anaima pakhomo, chitenje atachikokera paphewa, n'kunena motsitsa: "Mwana wanga, zimene ndinkakuuza pakhonde paja ndinkauza iwe. Sindinkauza Kawale yense." Ndinanjuta pansi, makala akufuka pambali panga, ndipo ndinalibe choyankha. Pa zonse zimene zandichitikira m'gulu lija, ichi ndi chimene chimandiwawabe. Za ku London zinangondichititsa manyazi ine ndekha, koma apa ndinatenga misozi ya munthu amene anandikhulupirira n'kukagula nayo mavoti. Ndinapempha admin kuti nkhaniyo aichotse pa mpikisano. Mayi aja anandikhululukira, moni timapatsana, koma mauthenga awo a pafoni amawerengetsa mwana wa nyumba ina.

Zitatero ndinaganiza kuti njira yabwino ndi kukafufuza kwa anthu osandidziwa, ngati mmene amachitira atolankhani. Mutu unali "Ganyu". M'malo mofunsa bambo mlonda uja, amene Mgona ndi kwawo ndipo akanandiperekeza mosavuta, ndinavala shati yoyera yopisira, n'kutenga kope lachikuto cholimba ndi zolembera ziwiri m'thumba la pachifuwa, n'kukwera minibasi ku depoti mpaka ku Kanengo, n'kutsetserekera ku Mgona kumene amayi amakhala pamasaka kusankha mtedza, kupatula wowola ndi wabwino, ndipo nditafika sindinapereke moni wokwanira kapena kunena kuti ndine ndani, ndinangotsegula kope n'kufunsa mayi woyamba dzina lake ndi ana amene ali nawo, mnzake atamva anaitana wina, winayo anathamangira kunyumba kukatenga chiphaso cha unzika, ndipo ndisanadziwe chimene chikuchitika kutsogolo kwanga kunali mzere wa anthu, ena ndi ana kumbuyo, onse akukhulupirira kuti kwabwera kalembera wa thandizo.

Kuuza anthu amene asiya ganyu yawo n'kuima padzuwa kuti iwe ukungofuna kulemba nkhani yopeka ndi chinthu cholemera kwambiri. Ndinanena, mawu akunjenjemera. Gogo wina anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kufunsa kuti, "Nanga nkhaniyo tidya, bambo?" Anabalalika mwakachetechete kubwerera kumasaka awo. Chifukwa cha manyazi ndinagula mtedza ndi ndalama yonse imene inali m'thumba, kuiwala kuti ndi yomweyo yokwerera, ndipo ndinayenda wapansi ndi jumbo ya mtedza mpaka ku Area 18 kumene mnzanga wa ku Biwi uja ananditumizira ya minibasi. Nkhani imene ndinalemba sabata imeneyo inadzaza ndi mapazi anga otupa. Amayi osankha mtedza munalibemo.

Tsiku lokumana linafika, ku Area 25, kuseri kwa nyumba ina pafupi ndi msika wa Nsungwi. Mutu wa sabata imeneyo unali "Uthenga wa maliro", ndipo aliyense ankawerenga yake mokweza. Ndinaimirira n'kuwerenga ndi mawu amphamvu. M'nkhani yangayo ana a malemu ndi amene ankakumba manda a bambo awo, wa kabaza anadutsa pakhomo pa maliro ali pa liwiro belu likulira, ndipo amuna ndi akazi anagona limodzi m'siwa. Nditamaliza kunali zii. Bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma amene amabwera kudzangomvetsera, anakonza kukhosi. "Mphwanga, kodi kumaliro mumapita?" Ndinati ndimapita. Anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 5, kuti manda amakumba ndi adzukulu, kuti pamsewu amaikapo masamba ndipo wa njinga akawaona amatsika n'kuyenda akukankha, kuti m'siwa mumakhala amayi pamene amuna amachezera panja pamoto, kuti pali nthawi ya mawu a amfumu ndi nthawi yolengeza chipepeso. Anandiuza kuti ndikafune Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe ku National Library ku City Centre. Chimene chinandipweteka n'chakuti zonsezi ndinali nditaziona ndi maso anga kangapo konse. Ndinkakhala kumbuyo pa benchi, mutu uli pafoni, kudikira nsima.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine pofuna kudzola mafuta pabala ndinalengeza kuti mipikisano ya mayunitsi ndi yongodutsira, cholinga changa ndi Caine Prize, kumene Stanley Onjezani Kenani anafika pamndandanda wa omaliza mu 2008 ndi mu 2012, ndipo nkhani yanga ndiitumiza mwezi womwewo. Namwino uja anadikira kuti anthu ayambe kumwa thobwa, n'kundikokera pambali kuti ena asamve. Anandiuza kuti ku Caine munthu sutumiza wekha zolemba za m'kope, amafuna nkhani yosindikizidwa kale, ya mawu osachepera 3,000, ndipo wotumiza ndi wosindikizayo. Anati ngati ndikufunadi kuyesa, Commonwealth Short Story Prize ndi yaulere, imalandira nkhani zosasindikizidwa za mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo yolembedwa m'Chichewa ikhoza kulowa itamasuliridwa m'Chingerezi. Anawonjezera kuti amatsegula pa 1 Sepitembala n'kutseka pa 1 Novembala. Ine ndinangogwira mawu akuti Novembala. Ndinatenga nkhani yanga ina ya mawu 500 n'kuyamba kuikoka, kuthiramo maloto, kulongosola mitambo, kubweretsa amalume amene analibe chochita m'nkhanimo, ndipo pamene ndinkapita pa intaneti kuti ndiitumize, mwezi uli pakati, khomo linali litatsekedwa kale. Sindinauze aliyense mpaka lero.

Zinali zosafunika kuyang'ana kutali choncho. Malawi Writers Union yakhala ikuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi kuno kwathu. Shadreck Chikoti, amene anapambana Peer Gynt Literary Award mu 2013 ndi buku lake Azotus the Kingdom, anayambitsa Story Club mumzinda wathu womwe uno kuti olemba azikumana ndi kuwerengerana. Zonsezi ndinkazimva, koma ndinkaona ngati kukhala pansi n'kumvetsera anzako akukuuza pamene walakwitsa ndi kudzitsitsa.

Amene anandichiritsa matenda amenewa ndi mayi telala wa ku Area 23 uja, ngakhale iwo sakudziwa. Amalemba ndi pensulo kuseri kwa mapepala odulira masitayilo, mwana wawo n'kuwatayipira pafoni. Poyamba ndinkathamangira kuwakonzera kalembedwe ka mawu, pano mwalumikiza, apa mwalekanitsa, mpaka mphunzitsi wa ku Chinsapo anandionetsa kuti malo ambiri amene ndinkakonzawo olondola anali iwo. Pa mutu wakuti "Yunifolomu" analemba za mayi amene wabwera ndi diresi la sukulu la mwana wake wamkulu kuti alichepetse likwane wamng'ono. Telala akusomola ulusi wa mpendero akupeza mizere itatu ya zibowo za singano, umboni wakuti diresilo linafutukulidwa chaka ndi chaka mwana akukula, ndipo akufunsa kuti mwini wake wapita kalasi yanji tsopano. Mayiyo sakuyankha, akungoyang'ana makina. Telala akumvetsa, akusoka osalankhulanso, ndipo pomaliza akukana ndalama ponena kuti ulusi unali wotsala. Palibe pamene analemba kuti mwanayo anamwalira. Ndinaiwerenga ndili mu minibasi pa mlatho wa Lilongwe, kondakitala akundigwedeza phewa kuti ndilipire, ine misozi ili m'maso.

Kuyambira pamenepo ndimawerenga mutu kawiri ndisanagwire cholembera. Ndimatumiza Lachinayi. Ndikatenga kanthu kwa munthu wamoyo ndimakamufunsa kaye, ndipo akakana ndimasiya. Sindinapambanebe, ndipo mavoti anga nthawi zambiri amakhala ochepa, koma Loweruka lina bambo mlonda uja analemba pansi pa nkhani yanga ya mnyamata wogulitsa madzi a m'majumbo ku msika wa Tsoka kuti, "Akulu, uyu ndamuona." Mawu amenewo ndinawakopera m'kope.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa, ndipo ndi chifukwa chake ndavomera kudziyalutsa chonchi. Foni yanga yakale itagwera m'beseni la madzi, nkhani zonse za m'gulu zimene ndinali nazo zinapita, chifukwa sindinasunge backup ngakhale anzanga ankandikumbutsa. Nditafunsa mayi telala kuti anditumizirenso ya diresi ija, anati pepala lake anadulirapo kolala ya kasitomala, ndipo foni ya mwana wawo inabedwa. Zimene ndakufotokozeranizi ndi zimene zatsala m'mutu mwanga, ndipo si mawu awo enieni. Samuel Josiah Ntara anali mphunzitsi ku Nkhoma, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, pamene analemba Nthondo n'kupambana nayo mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. Bukulo linatuluka mu 1933, T. Cullen Young n'kulimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Tikuliwerengabe chifukwa mpikisano utatha panapezeka anthu oliika papepala. Za ife zimathera Lamulungu madzulo, wopambana akalandira mayunitsi ake.

Tayamba kukopera nkhani zopambana m'kope limodzi lalikulu limene amasunga mphunzitsi wa ku Chinsapo, ndipo ntchito yokopera ndinaipempha ine. Koma kope limodzi likhoza kunyowa kapena kudyedwa ndi chiswe. Akonzi a masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe, a nyumba za wailesi, ndi inu amene muli ndi makina osindikizira ku Likuni kapena kwina kulikonse, funsani achinyamata ndi amayi a m'dera lanu ngati ali m'magulu otere, chifukwa lathu si lokhalo. Pitani mukakhale nawo tsiku limene akuwerengerana, ndipo nkhani imene yakugwirani mtima muisindikize dzina la mwini wake lili pamwamba.